Lekani kupepesa, nyemba ndi ndiwo

Mawu amene andisowetsa mtendere sabata ino adanenedwa mwaulemu wonse. Ndidakacheza kwa achimwene anga ku Machinjiri, ndipo alamu anga pobweretsa madzi osamba m'manja adagwada nati, "Pepanitu alamu, mwatipeza tsiku lolakwika. Lero kuli nyemba basi." Ndidawayankha kuti panalibe chopepesa, koma m'minibasi pobwerera mawuwo adakanirira m'mutu mwanga.

Nonse mudawamvapo mawu amenewa, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, kulikonse kumene mlendo amafika nthawi ya nkhomaliro. Palibe amene amapepesa akaphika usipa. Ngakhale soya pisi, zimene zabwera dzulodzuloli m'timapaketi, timaziika pamaso pa mlendo mutu uli m'mwamba. Nyemba zokha ndizo tidazisandutsa ndiwo za kumapeto kwa mwezi, zodya chitseko chili chotseka. Chonsecho pitani pamsika wa Ndirande mukafunse mtengo wa kambale ka nyemba zabwino, mukamva nokha kuti si ndiwo zotchipa ayi. Nanga manyaziwa adachokera kuti?

Kwa ambiri a msinkhu wanga, adachokera ku sukulu zogonera komweko. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira zimene ankatidyetsa. Nyemba ankazikhuthulira m'chimphika kuchokera m'thumba, osapeta, osasankha. Anankafumbwe ankayandama pamwamba pa msuzi, ndipo mwana aliyense asanayambe kudya ankayamba wawawola ndi supuni. Pansi pa mbale pankatsala timiyala. Msuziwo udali madzi ofiirira opanda anyezi, opanda tomato, ndipo kuti nyemba zogonera m'nkhokwe chaka chathunthu zipse belu lisanalire, ophika ankathiramo soda wodzaza dzanja. Abambo ophikawo sindiwaimba mlandu, adali anthu ochepa odyetsa ana mazanamazana. Koma ana aja tidakula, tili ndi makomo athu, ndipo ena adalumbira kuti nyemba sizidzalowa m'nyumba mwawo. Ena, amene ndikulimbana nawo lero, adatengera kunyumba kaphikidwe komweko.

Soda ameneyu ndiye mdani wanga. Kuti amafewetsa nyemba msanga, palibe akutsutsa. Koma onani zimene amasiya m'poto: khungu limasupuka, kunja kumasanduka phala m'kati musanapse bwino, mtundu umada, ndipo pakamwa pamatsala kukoma kwa sopo. Amawononganso vitamini B1, imodzi mwa zinthu zimene timadyera nyembazo. Wina anena kuti agogo athu ankathira chidulo. Inde ankathira, ndipo m'thelele chidulo chili pamalo pake. Koma agogo anga ine nyemba ankaziteleka m'mawa mumphika wadothi, n'kusonkhezera chikuni chimodzi chachikulu, n'kupita kumunda. Pobwerako ankapeza zapsa zokha, zonona, iliyonse ili yathunthu.

Ndikudziwa chimene mayi wa ku Ndirande angandiyankhe, ndipo akunena zoona: "Achimwene, chikunicho muchipeza kuti m'tauni muno? Makala mugula ndinu?" Ambiri timaphikira pa mbaula, magetsi kwa amene ali nawo ndi odula ndiponso amazimazima, ndipo kajumbo ka makala kamene timagula pamphambano sikangapsetse nyemba zouma. Makalawo amachokera kutali, ku Neno ndi ku Mwanza, pa njinga zimene timaziona zikukankhidwa pa msewu wa Zalewa. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, koma mbaula zathu sizidasiye kuyaka. Phiri la Ndirande lidametedwa kale m'zaka za m'ma 1990, la Michiru likutha tikuona, ndipo zimene zidachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu March 2023, pa namondwe wa Freddy, palibe wa mu Blantyre angaziiwale. Choncho sindingauze munthu kuti ayatse mbaula maola anayi chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Chimene ndikupempha n'chaulere. Viikani nyemba m'madzi usiku. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumene nyemba zimafuna kumachitika inu muli m'tulo. Mukatha kudya mgonero, zithireni pa lichero, chotsani timiyala, zinyalala ndi zofumbwa, zitsukeni, ziikeni m'beseni ndi madzi ochuluka kuti zimire bwinobwino poti zimafufuma. Pofika m'mawa madzi alowa mpaka m'kati, ntchito imene makala anu akadaigwira kwa ola lathunthu kapena kuposa. Madzi oviikirawo tayani, telekani ndi ena atsopano. Mbali ina ya zinthu zimene zimadzaza mpweya m'mimba imasungunukira m'madzi amenewo, kotero amene amaopa nyemba chifukwa cha kutupidwa apezapo mpumulo.

Zikakhala pamoto, zisiyeni zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Apa musachite ulesi, makamaka ndi nyemba zofiira, chifukwa zili ndi kapoizoni kachilengedwe kamene kamapweteketsa m'mimba ndipo kamafa ndi kubwata kokha. Kenaka chepetsani moto, vundikirani, zizipsa pang'onopang'ono. Madzi akaphwera onjezerani otentha. Amene muli ndi dengu ndi bulangete lakale, mungathe kuphula poto zitabwata theka la ola, kumukulunga bwinobwino ali chivundikirire, n'kumuika m'dengumo. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza zafewa ndi kutentha kwake komwe, makala anu ali m'thumba. Mbaula yomatidwa dothi m'kati, kapena Chitetezo Mbaula kwa ophikira nkhuni, imasunganso moto kuposa yachitsulo chokhachokha.

Pali chinthu china chimene chimalimbitsa nyemba m'makomo ambiri, ndipo mlandu wake timaupereka kwa mchere. Mchere ndi wosalakwa. Thirani pang'ono zili pakati pa kupsa kuti ulowerere, sizilimba ayi. Wolakwa ndi tomato. Kuwawasa kwake kumagwira khungu la nyemba, ndipo mukamuthira zisanafewe mudzasonkhezera moto mpaka makala kutha. Tomato adikire mpaka nyemba ikamaphwanyika mukaifinya ndi zala ziwiri.

Pamenepo ndiye poyambira kukoma. Kazingani anyezi pa poto wina ndi mafuta pang'ono, ngakhale a katchubu kamodzi akwana, mpaka afiire m'mbali. Thirani tomato wakupsa bwino, mumusiye aphwanyike mpaka mafuta ayambe kuonekera pamwamba. Ambiri amathamangira apa, tomato akadali wamuwisi, ndiye msuzi umawawasa. Mukatero thirani nyemba pamodzi ndi madzi ake amene zapsera, musawataye, kukoma konse kuli mmenemo. Tapani chipande chimodzi, ziphwanyeni ndi mthiko, zibwezereni m'poto. Msuzi umagwirana wokha popanda kuthira ufa kapena zokometsera za m'mapaketi. Kambuzi mmodzi wathunthu, wosadula, amapereka fungo lake lonse popanda kuliza ana. Tsiku lopanda mafuta, nsinjiro zilipo. Nyemba zotendera n'zabwino kwambiri ndi nsima ya mgaiwa, ndipo sindimvetsa chifukwa chake m'tauni tidasiyira nsinjiro masamba okha.

Chinanso chimene chimandidandaulitsa n'choti tidasiya kugula nyemba potchula dzina. Timangoti "ndipatseni nyemba", n'kulandira zosakaniza, zina zachaka chino, zina zachaka chatha, ndiye m'poto zina zikuphwanyika zina zikadali gwa. Nyemba zikakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi zimalimba moti ngakhale kuviika sikuthandiza kwenikweni. Funsani wogulitsa kuti n'zokolola liti ndipo zachokera kuti, ku Dedza kodi, ku Tsangano, pamsika wa Lizulu kumene zimakumana ndi za ku Angonia, kapena kufupi konkuno ku Phalombe ndi ku Thyolo. Zatsopano khungu lake limawala. Ndipo mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Zofiira zija timazitcha phalombe zimatulutsa msuzi wokhuthala woyenera nsima. Nanyati ndi kholophethe, zamawangamawanga, n'zonona ndipo ine ndimazikonda ndi mpunga wa Kilombero. Kayera, zoyera zija, zimamwa bwino tomato. Mitundu ina ili ndi mbiri yake. Kalima adatuluka ku koleji ya Bunda mu 1993, napilira adatulutsidwa mu 1995 ndi akatswiri a ku Chitedze mothandizana ndi bungwe la CIAT, ndipo pali NUA 45 amene adasankhidwa chifukwa chokhala ndi ayironi ndi zinki wambiri. Anthu adathera zaka m'minda yoyesera kuti mbewu zimenezi zifike pa lichero lanu. N'kulakwa kuzimiza mu soda.

Makolo athu sadazipeze nyemba m'dziko muno kuyambira pachiyambi. Kwawo ndi ku Mexico ndi kumapiri a Andes ku South America, ndipo zidafika kuno ku Africa zaka mazana angapo zapitazo kudzera m'malonda a Apwitikizi, monganso chimanga. Koma onani nzeru zimene amayi akale adazichitira. Masamba ake ndi khwanya, ndipo ankawafutsa kusungira chilimwe. Zikadali zanthete ndi zitheba. Zouma ankazichotsa makoko, kuziphika mpaka kuphwanyika, n'kuzipukusa kukhala chipere, ndiwo yofewa yoti khanda loyamba kudya ndi nkhalamba yopanda mano adye mbale imodzi. Ndi ana angati a ku Chilomoni lero amene adalawapo chipere? Abale athu Achilomwe a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo amaphika kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi n'kuthira ena, podziwa kuti ukamufulumizitsa amaledzeretsa, ndipo amamudya monyadira pa mwambo wa Mulhako ku Chonde. Ife tikulephera usiku umodzi wa m'beseni.

Nsima ndi nyemba si chakudya cha kusowa. Gawo limodzi mwa magawo asanu a nyemba zouma ndi mapuloteni, ndipo zili ndi chomanga thupi china chimene chimanga chimaperewera, pamene chimanga chili ndi chimene nyemba zimaperewera. Ziwirizi zikakumana m'mimba zimakwaniritsana. Tomato ndi masamba zimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba, pamene tiyi womwera pa chakudya pomwepo amatsekereza. M'dziko limene ana ambiri akupinimbira ndipo amayi oyembekezera akuchepa magazi, mayi wophika nyemba ayenera kuyamikiridwa.

Ndimalize ndi amayi amene amagulitsa nyemba zowiritsa kale m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya m'makwalala athu. Ntchito yanu ndimailemekeza kwambiri, chifukwa mphika wanu umodzi umazimitsa mbaula za makomo ambiri, ndipo munthu woweruka mochedwa ku Limbe kapena ku Ginnery Corner amangofika n'kukazinga. Pempho langa ndi laling'ono. Viikani madzulo, siyani soda, wiritsani mtundu umodzi pa mphika umodzi, ndipo wogula akafika muuzeni kuti lero ndi nanyati kapena phalombe. Makasitomala adzakudziwani ndi dzina la nyemba zanu, ndipo ine ndidzalipira kambaleko mosanenerera.