Chilembo si chipatso: pamene timawataya ana pa algebra

Ndakhala chete masabata angapo chifukwa cha ntchito yochonga mayeso a kumapeto kwa teremu. Mulu wa mapepala umene ndangomaliza kuchongawu ndi umene wandikhalitsa pansi kuti ndilembe.

Pa pepala la Fomu 3 panali kafunso kamene ndinakaika ngati mphatso: kufupikitsa 3a + 2b + a. Yankho lake ndi 4a + 2b. Ana ambiri analemba 6ab. Awatu si ana obwera dzulo kuchokera ku pulayimale, chaka chamawa akulemba MSCE. Poyamba ndinawapsera mtima. Kenako ndinakumbuka kuti amene anawayambitsa algebra anawa ali Fomu 1 ndine ndemwe, ndipo cholembera chofiira chija ndinayamba ndachiika pansi.

Maganizo anga ndi akuti ana amene timawaona akulephera ma quadratic equation ndi ma logarithm anagwa kalekale, mu teremu zoyambirira za Fomu 1, kungoti phokoso la kugwako timalimva mochedwa. Chimene chimawagwetsa nthawi zambiri ndi njira zachidule zimene ife aphunzitsi timawapatsa, ndipo timawapatsa mwachikondi, pofuna kuti zinthu ziwaphwekere.

Ndiyambe ndi tchimo langa. Kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa kuti a ndi apozi ndipo b ndi nthochi, popeza m'Chingerezi mayina a zipatsozi amayamba ndi zilembo zimenezi. Ndinkati simungaphatikize maapozi ndi nthochi, choncho 3a + 2b isiyeni momwemo. Ana ankaseka, n'kukhoza, ine n'kumadziyesa katswiri. Koma taganizani mmene mwana wanzeru amaonera nkhaniyi. Akaika maapozi 3 ndi nthochi 2 m'lichero limodzi, zipatso zilimo 5. Ndiye akalemba 5ab walakwa pati? Wangotsatira fanizo langa mpaka pamene likuthera. Sabata yotsatira ndimamuuza kuti a = 4, apeze 3a + 2. Apozi uja wasanduka bwanji 4? Kenako tifike pa a × b. Apozi kuchulukitsa ndi nthochi chimatuluka n'chiyani?

Chilembo mu algebra chimaimira nambala. Ikhoza kukhala chiwerengero cha maapozi, mtengo wa apozi mmodzi, kapena kulemera kwake, koma nthawi zonse ndi nambala. Ngati a ndi mtengo wa apozi mmodzi ndipo b ndi mtengo wa nthochi imodzi, 3a + 2b ndi ndalama zimene mulipire pa msika, ndipo mwana aliyense amene anatumidwapo kukagula zinthu akuona chifukwa chake simungazitche 5ab.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Cha m'ma 1980, John Clement ndi anzake pa University of Massachusetts ku America anapatsa ophunzira za uinjiniya chiganizo chakuti ophunzira ndi ochuluka ka 6 kuposa mapulofesa, kuti achilembe ndi zilembo S ndi P. Ambiri ndithu analemba 6S = P, pamene cholondola ndi S = 6P. Ankawerenga S ngati chidule cha mawu akuti ophunzira, kuiwala kuti ndi chiwerengero chawo. Ku England nako, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Dietmar Küchemann anafunsa ana a sekondale kuti chachikulu n'chiti pakati pa 2n ndi n + 2. Kayeseni funsoli m'kalasi mwanu. Ambiri adzati 2n chifukwa kuchulukitsa kumakuza zinthu. Mwana amene angayankhe kuti zitengera n, kuti pa n = 2 n'zofanana, n ikachepera 2 chachikulu ndi n + 2, ikaposa 2 chachikulu ndi 2n, ameneyo ndiye wamvetsa tanthauzo la variable.

Njira yachidule yachiwiri ikukhudza chizindikiro cha =. Chaka chilichonse tsopano, tsiku loyamba ndi ana a Fomu 1, ndimalemba pa bolodi 8 + 4 = ? + 5. Manja amakwera msangamsanga, ndipo yankho lomwe limamveka kwambiri ndi 12. Ena amati 17. Amene amati 7 amakhala ochepa, ndipo amayankhula motsitsa mawu ngati akuba. Kwa zaka 8 za ku pulayimale anawa akhala akuona = ngati lamulo lakuti lemba yankho apa, ndipo batani la pa kalkuleta limawatsimikizira zomwezo. Robert Recorde, munthu wa ku Wales amene anayambitsa chizindikirochi m'buku lake la mu 1557, anasankha mizere iwiri yofanana kutalika pofuna kuonetsa kuti za kumanzere ndi za kumanja n'zolingana. Chili ngati sikelo ya miyala imene mumaiona kogulitsa nyama: mukaonjezera kanthu mbali imodzi, muonjezerenso mbali inayo, apo ayi sikelo ipendekeka.

M'malo mophunzitsa zimenezi, ife timati nambala ikawoloka mtsinje imasintha chizindikiro. Pa x + 3 = 10 mawuwa amagwira ntchito bwinobwino. Koma mwana yemweyo akakumana ndi 2x = 10, amawolotsa 2 uja n'kulemba x = 10 − 2, kapena kugawa 10 ndi −2, chifukwa anauzidwa kuti chowoloka chimasintha. Palibe chimene chimawoloka. Timachotsa 3 mbali zonse ziwiri, kapena timagawa mbali zonse ziwiri ndi 2. Ngakhale dzina lakuti algebra likunena zomwezi. Linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, amene ali pa mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo amatanthauza kubwezeretsa: ngati mbali imodzi yachotsedwa kanthu, mumaonjezera kanthu komweko mbali zonse.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro lina kwa ife. Al-Khwarizmi analemba algebra yake yonse m'mawu, wopanda x ngakhale mmodzi. François Viète wa ku France ndi amene anakhazikitsa mchitidwe wogwiritsa ntchito zilembo mwadongosolo mu 1591, ndipo chizolowezi chotenga x, y ndi z kuimira manambala osadziwika chinafala kuchokera m'buku la René Descartes la mu 1637. Kuchoka pa mawu kufika pa zilembo zimene tikulemba lerozi kunatengera akatswiri zaka zoposa 800. Ife timafuna kuti mwana wa zaka 13 adumphe mtunda womwewo m'masabata awiri, m'chiyankhulo chimene kwawo sayankhula, akalephera n'kumati alibe mutu wa masamu.

Pansi pa zilembozi palinso manambala enieniwo, ndipo maziko ake nawonso amakhala ogwedera. Funsani kalasi −3 − 5. Mudzamva 8, chifukwa tinawaloweza pamtima kuti minus ndi minus amabala plus, osawauza kuti lamuloli ndi la pochulukitsa ndi pogawa. Chikhalirecho Brahmagupta wa ku India, polemba malamulo a manambalawa mu 628, ankawafotokoza ngati chuma ndi ngongole, chinthu chimene ana athu amachidziwa bwino. Ngati muli ndi ngongole ya K300 pa okala, n'kukatenganso katundu wa K500 pa ngongole, palibe mwana angakuuzeni kuti mwapata K800 m'thumba. Chimodzimodzi ma fraction. Mwana amene amalemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5 sanafunsidwepo kuti zatheka bwanji kuonjezera kanthu pa theka n'kupeza chinthu chochepera theka. Ameneyo akadzafika pa 1/x + 1/y adzalemba 2/(x + y) mosakayika konse. Enanso amatuluka Fomu 4 akukhulupirira kuti π ndi 22/7 ndendende, pamene 22/7 ndi 3.1428 n'kumapitirira ndipo π ndi 3.1415 n'kumapitirira, ndipo palibe fraction imene ingalingane naye. Ine masiku ano ndimatulutsa ana panja, timajambula mzere wa manambala ndi phulusa pabwalo, aliyense ndimamupatsa nambala yake, wina −2, wina 3/4, wina √2, kuti akaime pamalo pake. Mkangano umene umabuka wa −2 ndi wa −5 akamalimbirana kuti wamkulu ndani umaphunzitsa kuposa manotsi a tsamba lathunthu.

Ndikudziwa zimene anzanga mukunena mumtima, chifukwa timazikambirana mu staff room. Silabasi ndi yaitali. M'kalasi mwanga muli ana oposa 80, buku limodzi amagwirizira anthu angapo, ndipo a MANEB sadzafunsa ngati mwana anamvetsa tanthauzo la =, adzangoona yankho. Njira zachidule zimabweretsa malikisi, ndipo akuluakulu akabwera kudzayendera amafuna kuona kuti tafika mutu uti. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindikunyoza mphunzitsi amene akulimbana ndi kalasi yotere. Koma masabata amene timapulumutsa mu Fomu 1 ndi ngongole ya katapila. Timadzaibweza mu Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi chiwongoladzanja, pamene tikubwereza factorisation kachitatu kwa ana amene sakudziwa kusiyana kwa 2x ndi x². Mwana woloweza malamulo 40 osagwirizana amawasokoneza m'chipinda cha mayeso. Amene anamvetsa mfundo zochepa zoyambirira amatha kudzikumbutsa yekha lamulo akaliiwala.

Zimene ndasintha ine si zodula. Chilembo chilichonse chikalowa pa bolodi, mwana ayambe wanena chiganizo chathunthu, m'Chichewa ngati akufuna, chofotokoza kuti chilembocho chikuimira nambala yanji, kenako tichinene m'Chingerezi cha pa mayeso. Chinanso, palibe amaloledwa kundifunsa ngati wakhoza asanayese ndi manambala. Wina akalemba kuti (a + b)² = a² + b², ndimangomuuza kuti aike 3 ndi 4. Mbali imodzi ipereka 49, inayo 25. Ndikamufunsa kumene kwapita 24, ndipo iye n'kuzindikira kuti 24 ndi 2 × 3 × 4, 2ab uja sadzamuiwalanso.

Zitsanzo nazo ndimazitenga ku geni. Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa mandazi walowetsa K12,000 pa ufa, mafuta, shuga ndi nkhuni, ndipo akugulitsa limodzi K200. Ayenera kugulitsa 60 kuti angobweza mpamba. Zogula zikakwera kufika K18,000, agulitse 90, kapena akweze mtengo kufika K300 kuti 60 omwe aja akwanire. Ana amawerengera zimenezi m'mutu mofulumira kuposa ine. Ndikawauza kuti chiwerengero cha mandazi tichitche n, mtengo wa limodzi p, zolowa c, amalemba okha kuti phindu ndi pn − c. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala a pa msika anasintha, koma pn − c inakhala momwemo. Ntchito ya chilembo ndi imeneyi, kusunga kawerengedwe pamene manambala akusinthasintha.

Pali chinthu china chimene mphunzitsi payekha sangasinthe. M'sukulu zambiri zimene ndikuzidziwa, mphunzitsi wamasamu wodalirika amapatsidwa Fomu 4, ndipo Fomu 1 imagwera amene wangobwera kumene kapena amene ali ndi mapiriyodi ochepa, ngakhale masamu asali phunziro lake. Akulu anati m'mera mpoyamba. Inu amene muli akulu a dipatimenti, pogawa makalasi teremu ikubwerayi, ganizirani zoika katswiri wanu ku Fomu 1, ngakhale kalasi imodzi yokha.

Chaka chatha ndinakumana ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kalekale. Ankafuna unamwino, ndipo Biology ndi Chingerezi anakhoza bwino, koma masamu anapeza 8, pamene kumene ankafuna kupitako kunkafunika credit, kutanthauza 6 kapena kuchepera apo. Anabwereza kawiri asanalowe. Titacheza anandiuza akuseka kuti, "Aphunzitsi, ine tsiku limene zilembo zinalowa m'masamu ndinatuluka m'kalasi, thupi lokha ndi limene linkatsala pa desiki." Ine sindinathe kuseka naye, chifukwa tsiku limenelo amene anaima kutsogolo ndi maapozi ndi nthochi ndinali ine. Lero ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuwerengera mlingo wa mankhwala potengera kulemera kwa wodwala, imene ili algebra yeniyeni, ndipo amaichita bwino. Mutu wa masamu anali nawo kuyambira kale.

Kwa inu ana anga amene ndinakuphunzitsani kuti a ndi apozi, pepani. Ambiri a inu pano muli ndi ana anuanu ku pulayimale ndi ku sekondale. Madzulo ano mukatha kudya, lembani 8 + 4 = ? + 5 pa kapepala muwapatse. Akati 12 musawakalipire, ndipo musawauze yankho. Afunseni ngati mbali ziwirizo zalingana, kenako muwasiye aganize. Tikadzakumana mudzandiuze zimene anayankha.