Mwezi wa ku Msoro ungaphunzitse ana athu Chingerezi

Mwana wa ku Msoro amasenza zilankhulo zitatu asanamalize pulayimale. Kunyumba amalankhula Chikunda kapena Chinsenga, kusukulu amakumana ndi Chinyanja cha m'mabuku, ndipo mayeso a Examinations Council of Zambia amamudikira m'Chingerezi. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi adzaza, mabuku ndi ochepa, choncho aphunzitsi ambiri amangolemba mndandanda wa mawu pabolodi kuti ana aloweze pamtima. Lolemba mwana amawatchula onse bwinobwino, pofika Lachisanu ambiri awuluka. Mawu opanda chinthu chowagwira sakhalitsa m'mutu.

Ine ndikuti tiwapatse ana nkhani imene ali nayo kale chidwi, mawu a Chingerezi abwere atakwera pa nkhaniyo. Nkhani imodzi yotere ili pamwamba pathu usiku uliwonse, ndipo siilipiritsa ngwee. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa mtsinje wa Lupande magetsi sanafike, motero ana amaudziwa mwezi kuposa anzawo a ku Lusaka. Amadziwa tsiku limene wakhala, amasewera pabwalo ukawala, amalowa msanga m'nyumba ukakhala kumdima. Mafunso ali nawo kale: umachepa bwanji, umapita kuti, bwanji umanditsatira ndikamayenda?

Mphunzitsi ayambire pa mafunso amenewo. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera kuno, ndipo umazungulira dziko lathu. Apo mwana watola distance ndi orbit. Ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa, ndiye timaona mbali yokhayo imene yawalitsidwa. Apo pali reflect ndi shadow. Mphamvu yokokera zinthu pansi kumeneko ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya kuno, kotero thumba la chimanga la makilogalamu 50 lingapepuke ngati la makilogalamu 8. Mwana amene wathandizapo kunyamula thumba lotere sadzaiwala gravity ndi weight. Kumwezi kulibe mpweya kapena mphepo, n'chifukwa chake mapazi a anthu amene anapondako akuonekabe pafumbi mpaka lero.

Anthuwo ali ndi mayina, ndipo ana amakonda nkhani za anthu. Pa 20 Julaye 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi pa ulendo wa Apollo 11, mnzawo Michael Collins akuwadikira m'chombo chozungulira. Kufika mu 1972, anthu 12 anali atayendako, ndipo anabweretsa miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. Ntchitoyi sinathere pomwepo. Mu Ogasiti 2023 dziko la India linatsitsa chombo chake cha Chandrayaan-3 kufupi ndi kum'mwera kwenikweni kwa mwezi, ndipo mu 2024 chombo cha ku China cha Chang'e 6 chinabwera ndi dothi la mbali imene sitiiona tili pansi pano. Gawo lililonse la maulendowa lili ndi mneni wake: launch, travel, land, collect, return. Mwana akafotokoza ulendo wonse ndi pakamwa pake, waphunzira kale kusanja ziganizo.

Zambia nayo ili ndi malo ake m'nkhaniyi, ndipo zimandipweteka kuti ana ambiri sanamvepo dzina la Edward Mukuka Nkoloso. Bamboyu anali mphunzitsi wa sayansi komanso womenyera ufulu. Mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu, anasonkhanitsa achinyamata kunja kwa Lusaka n'kumawakonzekeretsa ulendo wa kumwezi. Ankawagubuduza m'migolo pa chitunda kuti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, chombo sichinanyamuke, atolankhani akunja anamuseka. Komabe munthu ameneyu anakana kuvomereza kuti thambo ndi la azungu okha, panthawi imene m'dziko muno munali anthu pafupifupi 100 okha a digiri. Mwana wa m'boma lathu la Mambwe akamva zimenezi amadziwa kuti mafunso a kumwamba ndi akenso.

Ngakhale mbiri yathu inalembedwa ndi mwezi. Tikudziwa kuti Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 chifukwa tsikulo kunali kadamsana, mwezi utaphimba dzuwa, ndipo akatswiri anatha kuwerengera tsiku lake. Pa 21 Juni 2001 zinachitikanso, ku Lusaka kunada masanasana, alendo ochokera kumayiko ambiri akuonerera. Makolo a ana athu akukumbukira tsikulo. Mwana akafunse agogo kunyumba, abwere adzalembe zimene wamva m'ziganizo zisanu za Chingerezi.

Ena anena kuti mwana wa mlimi wa thonje ndi chimanga akufunika mawu a kumunda, kuchipatala ndi kumsika, osati a kumwezi. Ndikuwamva. Koma taonani mawu amene nkhaniyi imabweretsa: fuel, temperature, surface, dust, measure. Mawu omwewo ali pa botolo la mankhwala opopera thonje, ali pa pepala la mayeso a sayansi, ali m'buku la woyendetsa galimoto. Ndiponso ntchito zambiri za malipiro m'boma lino zili ku Mfuwe, pakhomo pa South Luangwa National Park, kumene alendo amayendetsedwa ngakhale usiku kukaona akambuku ndi afisi. Mlendo akaloza kumwamba n'kufunsa, wotsogolera amene angayankhe momveka ndiye amakumbukiridwa.

Zipangizo zake n'zosavuta. Tochi ikhale dzuwa, mpira ukhale dziko, lalanje likhale mwezi, mazenera atchingidwe ndi zitenje. Ana azijambula mwezi m'kope madzulo kapena m'mamawa kwa masiku 30, pansi pake chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Mawu atsopano asapitirire 10 pa sabata, ndipo mwana ayambe wafotokoza chinthucho m'chilankhulo cha kwawo, kenaka m'Chingerezi. Chilankhulo cha amayi ake ndicho maziko. Tikachinyoza, chachilendocho chilibe pokhala. M'mera m'poyamba, ndiye tisadikire kuti afike kusekondale.

Msoro si malo achilendo ku maphunziro. Leonard Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, anaphunzira mpaka ku Zanzibar, nabwera kudzayamba mishoni kuno, ndipo anamwalira konkuno mu 1913. Papita zaka zoposa 100 ana a dera lino akulowa m'kalasi, ndipo ayenera kutulukamo ndi Chingerezi chogwira ntchito. Aphunzitsi a ku Msoro, mwezi ukakhala ulendo uno yambitsani makope aja. Inu makolo, mwana akakufunsani za kumwamba muyankheni zimene mukudziwa, ndipo zotsalazo mum'tume akafunse kusukulu.