Kodi Moto Wathu Tiugula kwa Yani?

Abale athu a m'midzi ya Neno, nkhani ya mwezi uno ndi ya moto: moto wophikira nsima, ndi moto wounikira m'nyumba dzuwa litalowa. Pali mawu amene afala pakati pathu, ndipo anenedwa kawirikawiri kufikira anthu aleka kuwayesa. Akuti, "Makala ndi nkhuni ndiwo moto wa amphawi, pakuti ngwotsika mtengo." Ife tikana mawu amenewa. Tifuna kuonetsa kuti dziko la Neno ligulitsa moto wake pa mtengo wachabe, niliugulanso pa mtengo wowawa, ndi kuti yafika nthawi yakuti nyumba iliyonse ifunse kuti, kodi moto wathu tiugula kwa yani, ndipo tilipira chiyani?

Tiyambe taona mwambo wa anthu akutali, kuti wathu uoneke bwino. Ku Britain, kuyambira zaka za 1998 ndi 1999, mwini nyumba ali ndi ufulu wakusankha kampani yomgulitsa gasi ndi magetsi. Nthambo ndi mipope zikhala zomwezo. Chisintha ndi wolandira ndalama yekha. Munthu akaona kuti wina watsitsa mtengo, amsiya wakale napita kwa watsopano, monga mayi pamsika apitirira wogulitsa usipa wa milu yaing'ono naima kwa mnzake. Mwambo umenewu uli ndi ubwino wake, pakuti wamalonda wodziwa kuti angasiyidwe sachita mwano. Komatu si mankhwala a nthenda zonse. M'chaka cha 2021, gasi atakwera mtengo m'maiko onse, makampani oposa 20 a kumeneko anagwa, ndipo ina yotchedwa Bulb, imene inali ndi nyumba zoposa 1.5 miliyoni, inachita kugwiriziridwa ndi boma. Anthu anaphunzira kuti wotsitsa mtengo lero si ndiye adzaime mawa, ndi kuti wogula wanzeru awerenga mtengo wonse, osati wa tsiku logula lokha.

Kuno kwathu zinthu sizili tero. Magetsi a nthambo zazikulu agulitsidwa ndi ESCOM yokha. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsi inapatulidwa nipatsidwa kwa EGENCO, ndipo mtengo uvomerezedwa ndi bungwe la MERA. Koma munthu wa mita ku boma la Neno kapena pa Zalewa alibe wina woti athawireko. Ndipo a mitawo ndi angati? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 138,000 m'boma lathu, napezanso kuti m'Malawi monse nyumba 11 zokha mwa 100 ndizo zinali kuunikira magetsi, ndipo m'midzi sizinafike ngakhale 5.

Tsono taonani chodabwitsa. Makina a Nkula A anayamba kupanga magetsi mu 1966, a Tedzani mu 1973, ndipo gawo lachinayi la Tedzani, lomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, linatsegulidwa mu 2021. Onsewa aima pa mtsinje wa Shire, m'malire mwa boma lathu lomwe lino. Kwa zaka zoposa makumi asanu madzi a pakhomo pathu aunikira Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndipo nthambo zake zidutsa pamwamba pa midzi imene mwana wa sukulu awerengera pa tochi. Ndiko kukhala m'mphepete mwa mtsinje ndi kusamba m'manja ndi malovu.

Kodi potero tinene kuti tilibe chosankha? Iyayi. Ogulitsa moto tili nawo ambiri, kungoti sitiwatcha dzina limenelo. Thengo litigulitsa nkhuni. Wagolosale atigulitsa mabatire, makandulo ndi machesi. Mnyamata wa pamsika atigulitsa moto wa foni. Ndipo chachikulu ndi ichi: ife tomwe ndife ogulitsa moto. Nyumba za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni zinasankha kale wogulitsa wotsika mtengo, ndipo wogulitsayo ndiye Neno. Aliyense wodutsa pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza usiyana ndi wa ku Lilongwe, waona matumba a makala atandanda m'mbali mwa msewu, ndi njinga zolemedwa zikukankhidwa usiku kulinga ku Blantyre.

Tiyeni tiwerenge mtengo wa thumba limodzi monga awerengera anthu a malonda. Mtengo wa tsanya utenga zaka zambiri kuti ukule, koma ugwa m'mawa umodzi. Mu uvuni wa dothi moto udya gawo lalikulu la nkhuni, kotero kuti pa miyeso khumi ya nkhuni makala otuluka kawirikawiri safika miyeso iwiri. Zina zonse zipita kumwamba ndi utsi. Ofufuza anawerenga mu 2007 kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inali kutha matumba oposa 6 miliyoni pa chaka, ndi kuti Neno ndi Mwanza anali mwa madera odyetsa Blantyre. Anapezanso kuti pa ndalama imene wa m'tauni alipira, wootcha makala salandira koposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsala zigawika kwa onyamula, kwa ogulitsa pamsika, ndi ku ziphuphu za panjira. Wodula mtengo, wofukula uvuni, wopsa mapazi ndi wotsokomola ndiye alandira pang'ono, ndipo mtengo umene wagwawo suwerengedwa konse, ngati kuti unangomera usiku. Kodi malonda otere tiwatche otsika mtengo? Inde, ngotsika kwa wogula. Kwa wogulitsa ndiko kugulitsa nkhokwe pamodzi ndi chimanga chake pa mtengo wa dengu limodzi.

Ndipo ngongole yotsala ilipiridwa ndi ena osafunsidwa. Ayamba kulipira ndi amayi ndi ana aakazi, amene kale anatola nkhuni kuseri kwa mudzi, koma tsopano alawira mbandakucha nabwera dzuwa lili pamutu, munda ukudikira. Alipiranso makanda oberekedwa kumsana m'khitchini ya utsi. Pakuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liwerenga kuti utsi wa m'nyumba upha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka ndi chaka. Ilipiranso nthaka. Phiri likavulidwa, mvula ikokolola dothi la m'munda nilipititsa ku Lisungwi ndi ku Wamkulumadzi, ndipo mitsinje imeneyi ilitula m'Shire kumtunda kwa Kapichira. Matope otere, ochokera m'madera onse ozungulira Shire, akwirira madamu nachepetsa mphamvu ya makina. Ndicho chifukwa chake pa thandizo la dziko la America la zaka za 2013 mpaka 2018 panali ndalama yogulira makina okumba matope ndi ochotsa namasupuni. Magetsi akazima m'tauni, wa m'tauni aitanitsa thumba lina la makala, ndipo mtengo wina ugwa ku Neno. Chingwe chimenechi chizungulira khosi lathu.

Wina adzati, "Mwanena bwino, koma tikaleka kuotcha, ana adya chiyani?" Funso limeneli nlolemera, ndipo sitilipeputsa. Munthu wa ku chigwa cha Lisungwi, kumene mvula ivuta ndi chimanga chipserera, saotcha makala chifukwa cha kukonda utsi. Chifukwa chake mawu athu owawa sitilozetsa kwa iye poyamba. Tilozetsa kwa iwo amene adya nsima yophikidwa pa makala a Neno, nasamba m'manja, natenga cholembera kulemba kuti anthu a kumudzi ndiwo owononga chilengedwe. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango zake zinawonjezedwa. Lamulolo nlabwino, koma likagwira wa njinga yekha, mphika wa m'tauni uli chiwirire, lifanana ndi munthu wotsekera madzi kumunsi kasupe ali chitumphukire. Woyenera kuyamba kusintha wogulitsa ndiye wa m'tauni wolandira malipiro pa mwezi, amene nthambo inafika kale m'nyumba mwake, ndipo wogulitsa gasi ali naye pafupi. Mphika wake ndiwo ukudya mitengo yathu.

Sitivomerezanso aphungu aja amene afika pa galimoto nauza mayi wa kwa Dambe kuti, "Gulani gasi." Gasi achokera kunja ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi magawo 25 pa 100 mu 2022, nigwanso ndi 44 mu 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Magetsi nawonso ali ndi tsoka lake: namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Malangizo osayang'ana thumba la wolangizidwa ndi msewu wa kwawo ndi mphepo chabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsono tiyeni tinene za kusintha kumene kuli m'manja mwathu lero.

Choyamba, tisinthe pophikira. Mafuwa atatu ataya moto kumbali zonse, ndipo mphika ulandira wochepa. Mbaula ya dothi yotchedwa Chitetezo, youmbidwa ndi amayi a m'midzi ya dziko lino, ipulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu, ndipo iyaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Nandolo timlima kale. Apatsa ndiwo, akonza nthaka, nasiya nkhuni pakhomo. Nyumba yobzala mitengo m'malire a munda, ndi kusunga zitsa zophukira m'malo mwa kuzitentha, yapeza wogulitsa nkhuni amene sakweza mtengo.

Chachiwiri, tisinthe nyale. Bambo atenge pepala, alembe ndalama zonse za mabatire, makandulo ndi kutchajitsa foni za mwezi umodzi, achulukitse ndi 12, ndipo ayerekeze ndi mtengo wa nyale ya sola. Ambiri adzadabwa poona kuti kobiri lotuluka tsiku ndi tsiku liposa ndalama yolipira kamodzi. Koma pano pafunika phunziro lija la ku Britain. Ogulitsa sola achuluka, ena olipiritsa pang'onopang'ono pa foni, ndipo si onse okhulupirika. Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama funsani zinayi: Mtengo wonse pamodzi ndi wotani ndikadzatsiriza kulipira? Ndikalephera mwezi wa njala, mudzazimitsa nyale kapena kuilanda? Chitsimikizo chanu nchofika miyezi ingati, ndipo chalembedwa pati? Batire ikafa, wokonza apezeka kuti? Wogulitsa wokwiya ndi mafunso amenewa musiyeni, mupite kwa wina. Umenewo ndiwo ufulu wosankha umene tili nawo kale.

Chachitatu, tifunse nthambo, ndipo tifunse pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Boma lili ndi ntchito yofikitsa magetsi kumidzi yotchedwa MAREP, ndipo ndalama zake zina zichokera pa msonkho umene uli pa mafuta a galimoto; wokwera minibasi pa Zalewa wasonkhako kale. Si kupempha mphatso ayi, koma kufunsa gawo lathu. Ndiponso lamulo lilola ogulitsa ena ang'onoang'ono: kwa Bondo ku Mulanje anthu aunikira magetsi a mtsinje wa Lichenya, ndipo kwa Sitolo ku Mchinji aunikira a dzuwa, popanda kudikira nthambo zazikulu. Kodi mitsinje yotsika m'mapiri a Neno njosiyana ndi Lichenya? Kodi dzuwa la ku Lisungwi nlochepa kuposa la ku Mchinji? Pakonzedwanso damu lalikulu pa Mpatamanga, pakati pa Neno ndi Blantyre, la mamegawati oposa 350. Nthawi yofunsa kuti midzi yoyandikana nayo idzalandira chiyani ndi pamene mapangano alembedwa. Madzi akatayika saoleka. Mafumu athu, a Dambe, a Chekucheku, a Mlauli ndi a Symon, makhansala ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, amve funso limeneli pa msonkhano uliwonse wa chitukuko, kufikira atatopa nalo nalitengera kumene liyenera kupita.

Inu amene mudziwa kuwerenga, ntchito yayamba ndi inu. Werengerani anzanu mawu awa pa bwalo ndi pa msonkhano wa amayi. Thandizani nkhalamba kuwerenga ndalama zake za mabatire, ndipo muperekezeni mnansi wanu pokagula sola kuti pepala la pangano liwerengedwe asanadinde chala. Ndipo wina akadzanenanso pamaso panu kuti makala ngotsika mtengo, mumfunse mofatsa kuti, "Ngotsika kwa yani, ndipo wotsala ndi ngongole ndani?"