Zotsala Pomanga Ndi Chuma Chathu

Makamarada a kooperativa,

Mvula ikatha, timamanga. Timamanga nkhokwe, khola, sukulu ndi nyumba yosungiramo chimanga. Ntchito ikatha, pamalo pamatsala zidutswa za njerwa, zidutswa za matabwa, utuchi, phulusa ndi dzenje lalikulu pomwe tinakumba dothi. Ambiri amati izi ndi zinyalala. Ine ndikuti ndi chuma, pakuti zonsezi tinalipira ndi thukuta lathu.

Simenti imachokera kutali. Mafakitale ake ali ku Matola, ku Dondo ndi ku Nacala. Thumba la makilo 50 likafika kuno ku Angónia, mtengo wa galimoto uli momwemo. Njerwa zootcha nazo zimadya mitengo yambiri. Kwa anansi athu ku Malawi, mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi za malonda, pofuna kusunga nkhalango.

Tsono tisanagule, tiyambe tapangana ndi otigulitsa.

Kwa woumba njerwa: njerwa zosweka atipatse pa mtengo wotsika, tizithira pansi pa nyumba tisanazire simenti. Phulusa la mu uvuni atisungire. Phulusa la nkhuni limathandiza dothi lowawasa, tikathira pang'ono m'dimba. Ife tidzamuthandiza kukwirira dzenje ndi kubzala mitengo pomwe anadula.

Kwa kalipentala: zidutswa za matabwa timubwezere, apangire mipando ya sukulu yathu. Iye atipatse utuchi. Utuchi tiyale m'khola, usakanizike ndi ndowe, uwole, ndiye upite kumunda. Utuchi wosawola umalanda chakudya cha mbewu.

Kwa mwini sitolo: malata ndi misomali zotsala, zosawonongeka, alandirenso, ndipo ndalama yake idulidwe pa ngongole yathu. Simenti tigule yokwanira ntchito basi, chifukwa ikakhalitsa pachinyezi imauma ngati mwala. Matumba ake asasungire ufa kapena mbewu.

Ena akuti: "Wamalonda sangavomere, iye amangofuna phindu." Zoona, amafuna phindu. Koma amafunanso wogula wobwera chaka ndi chaka. Munthu mmodzi angathe kumukanira. Kooperativa yogula pamodzi aimvera. Mutu umodzi susenza denga.

Pangano la pakamwa limaiwalika. Apa ndi pamene sukulu ya akulu ikutithandiza. Kale tinkangodinda chala pa pepala lomwe sitinawerenge. Lero tikudziwa zilembo ndi manambala. Tilembe tokha m'kope la kooperativa: tagula malata angati, tabweza angati, wosayina ndani, tsiku liti.

Pa msonkhano ukubwerawu, tisankhe anthu awiri, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Iwo awerenge zotsala pa chomanga chilichonse, alembe, ndipo apite kukakamba ndi otigulitsa ntchito yatsopano isanayambe.