ZA M'MAIKO ENA: Mabuku a Boma ku America

Inu a kumudzi mudziwa kuti pabwalo la mfumu munthu amamva yekha zimene akumneneza. Ku America, m'chaka cha 1974, Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo lotchedwa Privacy Act, lolola nzika kuona zimene Boma lalemba za iye ndi kupempha kuti zolakwa zikonzedwe.

Koma apolisi a FBI ndi azondi a CIA analoledwa kutseka mabuku awo ofufuzira. Chifukwa chake n'chomveka: mbala ikawerenga ithawa, mboni ikadziwika iopa kubwezeredwa. Komatu mnansi wanjiru akakunamizirani kumeneko, bodzalo likhala m'bukumo, inu osaliona, osathanso kulifafaniza.

Munthu akamanidwa ntchito ya Boma chifukwa cha zolembedwazo, angathe kuona zina, koma dzina la womneneza amene analonjezedwa chinsinsi sauzidwa.