Mwana akalowa koleji asasiyidwe yekha

Kale mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano akafuna maphunziro apamwamba, ulendo wake unali wa ku Maputo, ndipo opitawo anali owerengeka. Lero sukulu zinayandikira. Mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, ndipo pa Ulónguè pomwepa pali nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze, yunivesite ya boma imene inakhazikitsidwa mu 2007. Makolo ambiri a m'malire muno agulitsa mbatata, nyemba, ena ng'ombe imene, kuti mwana akalembetse. Koma si onse olowa amene amatuluka ndi dipuloma.

Chimene chimagwetsa ana ambiri akumudzi m'chaka choyamba si ulesi ayi. Ndi Chipwitikizi. Mwana wokulira m'nyumba yolankhula Chichewa amamaliza kalasi ya 12 ali ndi Chipwitikizi chokwanira kuyankha mafunso a mayeso. Ku koleji amapeza mphunzitsi amene amalankhula nthawi yaitali osalemba kanthu pabolodi, natchula mabuku oti aliyense akawerenge yekha, nafunanso lipoti la masamba ambiri. Mwanayo amamva mawu, koma mfundo imamudutsa. Kufunsa amachita manyazi, poopa kuti anzake a m'tauni amuseka kalankhulidwe. Malikisi amawerengedwa kuyambira 0 kulekeza 20, ndipo wosafika pa 10 walephera phunzirolo. Kulibwereza ndiye kuti ndalama za chipinda ndi chakudya nazo zibwerezedwa, pamene khola linatsala lopanda kanthu.

Kunyumba womuthandiza palibe. Makolo ambiri a lero anali ana m'nthawi ya nkhondo. Ena mwa amene anapeza mwayi wa sukulu anaupezera ku Malawi kumene anathawira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, nabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992.

Vuto la chilankhuloli boma linalizindikira kalekale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi m'sukulu zingapo za m'chigawo cha Tete. Tsono ngati mwana wamng'ono amamva bwino akamufotokozera m'chilankhulo cha amayi ake, chifukwa chiyani mkulu wake azichita manyazi kupempha zomwezo? Palibe akunena kuti makoleji asiye Chipwitikizi. Chofunika n'chakuti wophunzira wa chaka choyamba akhale ndi maola apadera, aulere, ophunzira kuwerenga buku lalikulu ndi kulemba lipoti. Ophunzira a chaka chachitatu kapena chachinayi amene amasankhidwa kuthandiza anzawo, otchedwa monitores, ena mwa iwo azikhala ana a m'maboma omwewa. Mfundo imene yakanika mlungu wathunthu m'kalasi ingamveke madzulo amodzi pakhonde, mnzake akaimasulira ndi chitsanzo cha munda wa kwawo. Mwana wa munthu wachuma amalipira mphunzitsi wapadera, explicador uja. Mwana wa mlimi alibe ndalama zimenezo.

Nyumba ya mabuku nayo isamatseke pamodzi ndi maofesi. Ophunzira ambiri amachita lendi tizipinda topanda tebulo, ena topanda magetsi. Pakhalenso munthu wowaonetsa mofatsa mmene buku limapezekera pashelefu, ndi mmene kompyuta imagwirira ntchito, pakuti ena amayamba kuigwira tsiku lomwe afunsidwa kupereka ntchito yotayipa.

Za thandizo la ndalama, lija amati bolsa, boma lili ndi Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo mayunivesite ena amaperekanso lawo. Zilengezo zake zimatuluka m'Chipwitikizi, m'nyuzipepala ndi pa intaneti, zili ndi tsiku lotsekera. Uthenga ukamafika kumudzi mochedwa, mwayi umagwera amene sanali osowa kwenikweni. Mawailesi a m'maboma aziwerenga zilengezozi m'Chichewa, mobwereza, ndipo atsogoleri amene amalemba kalata yotsimikiza kuti banja ndi losauka azilemba msanga, osayembekezera nkhuku.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo, ngakhale sadziwa Chipwitikizi. Manambala amawadziwa, pakuti pamsika sapusitsidwa. Mwana akaimba foni n'kunena kuti zonse zili bwino, afunsidwe kuti pa mayeso oyamba anapeza zingati pa 20. Ngati wapeza 7 kapena 8, imeneyo si nthawi yomukalipira kapena yomukumbutsa za ng'ombe ija. Afunsidwe ngati wapita kukaonana ndi mphunzitsi wa phunzirolo, ngati ali m'gulu la anzake owerengera pamodzi, ndiponso ngati akudya. Mafunso amenewa ayankhidwe mu Epulo, chaka chikadali poyamba, osadikira kuti mwana abwere ndi chikwama chake mu Disembala.