Za Umoyo M'banja: Pamene Kapu ya Madzi Ingapweteke Wodwala

Ulendo uno tikambirane za madzi, koma osati a pachitsime ayi. Tikunena za madzi amene amalowa ndi kutuluka m'thupi la munthu wochitidwa opaleshoni ya m'mutu.

Kuno ku Phalombe njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo ambirife timakwera mutu uli pamtunda, opanda chipewa. Munthu akagwa pamsewu wa ku Migowi kapena ku Chiringa n'kumenyetsa mutu, magazi angathe kuundana m'kati mwa chigaza. Otere nthawi zambiri amakathera ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Dr Patrick Kamalo anadziwika ndi ntchito ya opaleshoni ya ubongo. Ndipo amene amatsagana nawo ngati gadiyani ndife tomwe, mayi, mlongo kapena azakhali.

Tsono gadiyani akaona milomo ya m'bale wake yauma gwa, chifundo chimamugwira. Ena amadikira anamwino atuluke n'kumumwetsa madzi kapena phala mobisa. Ena akaona diripi ikudontha pang'onopang'ono amaitsegulira okha, amvekere anamwino aiwala. Apa ndi pamene tikufuna timvetsetsane.

Chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Mwendo ukatupa uli ndi kotupira, koma ubongo ukatupa umadzipanikiza wokha, ndipo magazi amalephera kuyendamo bwino. Chimene chimaletsa madzi kukhamukira mu ubongo ndi mchere wa m'magazi. Mcherewu ukasungunuka kwambiri ndi madzi wamba, madziwo amalowerera mu ubongo n'kuutupitsa. Wodwala amayamba kusanza, kubwebweta, kugona kosadzuka, mwinanso kugwa ngati wakhunyu. Kaamba ka ichi, madokotala pa opaleshoni yotere amakonda diripi ya madzi a mchere, ya magalamu 9 pa lita imodzi, ndipo amapewa ija ya madzi a shuga okhaokha. Ubongo ukatupa ndithu, amapereka mankhwala otchedwa mannitol kapena madzi a mchere wambiri, kuti akoke madzi kuchoka mu ubongo, akatuluke ndi mkodzo.

Komatu kumuumitsa wodwala nakonso si nzeru. Kale madokotala ankachepetsa dala madzi poopa kutupako, koma zinadziwika kuti madzi akachepa m'thupi magazi amayenda mofooka, ubongo wovulala kale uja umasowa mpweya, ndipo impso nazo zimavutika. Motero dokotala wogonetsa odwala amakhala akuwerengera: magazi amene atayika ndi ochuluka bwanji, mabotolo alowa angati, mkodzo watuluka wochuluka bwanji. Thumba la mkodzo lija limene limapachikidwa pabedi si lonyansa chabe, ndi muyeso. Ife ndi ukhondo wathu timathamangira kukalikhuthula. Musatero anamwino asanaone ndi kulemba. Mukaona kuti likudzaza msangamsanga ndi mkodzo woyera ngati madzi, kapena lakhala maola ambiri osalowa kanthu, kawauzeni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Palinso china. Munthu amene sanatsitsimuke bwino satha kumeza. Madzi amene mwamupatsa angalowe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. N'chifukwa chakenso asanalowe ku opaleshoni amamuletsa chakudya pafupifupi maola 6. Mukamudyetsa mobisa, nenani zoona ndithu. Kuli bwino opaleshoni ichedwe kusiyana n'kuti asanzire m'mapapo ali mtulo.

Tikudziwa kuti m'mabanja athu muli timabotolo ta madzi a Zamzam timene timasungira tsiku la matenda, ndipo mtima umafuna wodwala alaweko. Ife sitikuletsa. Pemphani anamwino ngati mungathe kunyowetsa kansalu koyera n'kumupukuta milomo. Kumwa kwenikweni kudikire dokotala aloleze. Chimodzimodzi akatuluka m'chipatala Ramadhan ili pafupi: wodwala analoledwa kudzabweza masiku ake akachira, choncho asayambe swaumu asanafunse dokotala, makamaka ngati akumwa mankhwala oletsa kugwa amene safuna kudumphitsa.

Mukafika naye kumudzi, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasanza, akamagona mopitirira, kapena madzi oyera akamatuluka pabala kapena m'mphuno, musadikire tsiku limene analemba m'buku. Pezani galimoto tsiku lomwelo, ndipo bukulo musalisiye.